Si kuyezetsa kulikonse kumene kumapulumutsa moyo

Malume anga ali ndi zaka 74. Anagwira ntchito ya ukalaliki ku Capital Hill mpaka kupuma, ndipo pano amakhala ku Area 25, kumene amalima timasamba kuseri kwa nyumba n'kumamwa mankhwala awo a BP m'mawa uliwonse. Chaka chatha mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, atagawana ndalama za banki m'khonde, anafuna kuwachitira chinthu chabwino bambo ake. Anawatengera ku chipatala china cholipira cha m'tauni muno, kumene amatsatsa zoyeza thupi lonse pamtengo umodzi. Malume sankamva kupweteka paliponse. Anawatenga magazi m'timabotolo tingapo, ndipo patatha masiku awiri anawapatsa pepala lodzaza manambala. Nambala imodzi, ya PSA, chinthu cha m'magazi chopangidwa ndi prostate (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo), inali itazunguliridwa ndi cholembera chofiira. Wowapatsa pepalalo anangoti, "Bambo, izi zikhoza kukhala khansa ya prostate. Mubwerenso tidzakujambuleni."

Miyezi itatu yotsatira inali ya maliro munthu ali moyo. Nsima anaisiya. Anaitanitsa ana onse n'kuyamba kuwauza za munda wa kumudzi ndi za amene adzatenge nyumba. Anajambulidwa kawiri, anamwa mapilitsi ogula pomwepo, ndalama zinapita zokwanira matumba angapo a feteleza. Atayezedwanso, nambala ija inali itatsika. Dokotala wina amene anawaona pambuyo pake anawafotokozera modekha kuti PSA imakwera pa zifukwa zambiri, monga kukula kwa prostate kobwera ndi ukalamba kapena matenda a m'njira ya mkodzo, ndipo kuti pa msinkhu wawo, popanda chizindikiro chilichonse, iyeyo sakanawayeza n'komwe.

Ndalamazo sizindipweteka kwambiri. Chondipweteka n'chakuti asanawabaye singano palibe amene anakhala nawo pansi kuwauza zimene kuyezako kungaonetse, zimene sikungaonetse, ndi njira imene adzalowe nambala ikakwera. China ndi ichi: msuweni wanga amene analipira zonsezi ali ndi zaka 39, ali ndi ana atatu, ndipo kufikira nthawi imeneyo anali asanaunikidwepo khomo la chiberekero, kuunika kumene kumachitika ulere pa chipatala cha boma choyenda pansi kuchokera kunyumba kwawo.

Ndifulumire kusiyanitsa zinthu ziwiri, poti wina angandimve molakwa n'kuvulala. Ngati muli ndi chotupa m'bere, mukutaya magazi mosadziwika bwino, mwakhosomola masabata awiri, chakudya chikukakamira pakhosi, mkodzo ukuvuta kutuluka kapena mukuonda popanda chifukwa, pitani kuchipatala lero lomwe. Kumeneko ndi kufufuza matenda amene adzionetsa kale, ndipo vuto lalikulu la dziko lino n'lakuti anthu amafika ku Central mochedwa, matenda atamwerera. Nkhani yanga ndi ina: kuyeza munthu amene ali bwinobwino, ndi chiyembekezo chogwira matenda asanaonekere.

Tonse tinaphunzitsidwa kuti kupewa kumaposa kuchiza, choncho kuyezetsa kumamveka ngati chinthu chimene sichingalakwike. Koma chipangizo choyezera chimalakwa. Chimatha kunena kuti pali matenda pamene palibe, chimathanso kunena kuti zili bwino pamene zinthu zaipa. Ndiye pali vuto lachitatu limene anthu ambiri, ngakhale ophunzira, salidziwa: chipangizo chikhoza kunena zoona, n'kupezadi khansa, koma khansa imene sikanamuvutitsa munthuyo mpaka tsiku lake lomwalira ndi zina. Khansa si nyama imodzi. Ina imakula ngati bulugama, chaka chimodzi yatalika kale. Ina imakula ngati mbawa, ndipo wodzala amakalamba n'kupita mtengowo usanafike poti n'kucheka matabwa. Dokotala akaipeza, kawirikawiri sangadziwe motsimikiza kuti ndi iti, ndiye amachiza yonse. Opaleshoni yake ndi yeniyeni, zilonda zake n'zenizeni, ngakhale pamene phindu palibe.

Dziko la South Korea linaona zimenezi ndi maso. Kuyambira mu 1999 boma kumeneko linakhazikitsa ndondomeko yoyeza khansa zingapo, ndipo zipatala zinayamba kuwonjezerapo kujambula chithokomiro pa kandalama kochepa. Pofika mu 2011, chiwerengero cha anthu opezeka ndi khansa ya chithokomiro chinali chitakwera maulendo 15 poyerekeza ndi mu 1993. Anthu zikwizikwi anachotsedwa chithokomiro, ambiri n'kuyamba kumwa mankhwala moyo wawo wonse, ena mawu awo n'kuwonongeka. Nanga omwalira ndi khansayo? Chiwerengero chawo sichinasinthe. Kunalibe mliri wa khansa, kunali mliri wa kujambula. Mu 2014 madokotala 8 a dzikolo anaima poyera kupempha kuti mchitidwewu uthe, ndipo maopaleshoni anayamba kuchepa.

Taganizirani mmodzi mwa anthu amenewo. Akaimirira kutchalitchi kuchitira umboni, adzanena ndi mtima wonse kuti sikani inapulumutsa moyo wake. Sakunama, ndi zimene akudziwa. Apa ndi pamene pali msampha: kuyeza kopanda phindu kukamachuluka, mboni zoyamikira zimachulukanso, poti aliyense wochiritsidwa matenda amene sakanamupha amasanduka wolalikira. Palinso msampha wina wa masiku. Tinene kuti abambo awiri onse adzamwalira ndi khansa yofanana ali ndi zaka 70. Woyamba aipeza ali ndi zaka 67 atayamba kudwala, wachiwiri aipeza ali ndi zaka 60 chifukwa anakayezetsa. Pa pepala zidzaoneka kuti wachiwiriyu anakhala zaka 10 ndi matendawa pamene mnzake anangokhala zaka 3. Koma onse aikidwa m'manda pa msinkhu umodzi. Wachiwiriyu sanapatsidwe tsiku ngakhale limodzi lowonjezera, anangopatsidwa zaka 7 zodziwa kuti ndi wodwala. N'chifukwa chake funso loyenera si lakuti tapeza angati, kapena akhala zaka zingati chiwapezereni. Funso n'lakuti: pa anthu amene anayezedwa ndi amene sanayezedwe, imfa zachepa kuti?

Pa nkhani ya PSA funsoli linafunsidwa. Kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya, wa abambo a zaka 55 mpaka 69, anapeza kuti patatha zaka 13, pankafunika kuitana abambo 781 kuti ayezedwe kuti imfa imodzi ya khansa ya prostate ipewedwe, ndipo pa imfa imodzi yopewedwayo abambo 27 owonjezera ankauzidwa kuti ali ndi khansa. Ambiri mwa ochitidwa opaleshoni amatsala ndi vuto la mphamvu za kuchipinda, ena amadontha mkodzo. Ku Britain anatenga abambo 1,643 amene khansa yawo inapezeka kudzera mu PSA isanafalikire, n'kuwagawa patatu: ena opaleshoni, ena kuwotcha ndi makina, ena kungowayang'anira. Patatha zaka 15, omwalira ndi khansayo anali pafupifupi 3 mwa 100 alionse m'gulu lililonse. Bungwe lopereka malangizo a zoyezayeza ku America limati abambo a zaka 55 mpaka 69 azisankha okha atakambirana ndi dokotala, ndipo a zaka 70 kupita m'tsogolo asamayezedwe. Richard Ablin, mmodzi mwa akatswiri amene anatulukira PSA mu 1970, analemba mu 2010 kudandaula ndi mmene anthu akuigwiritsira ntchito poyeza aliyense.

Sindikubisa kuti kafukufukuyu anachitika makamaka pa azungu, pamene abambo akuda amagwidwa kwambiri ndi khansa imeneyi ndipo imawapha kwambiri. Chimenecho n'chifukwa chokambirana mozama ndi bambo wa zaka za m'ma 50, makamaka ngati bambo ake kapena mchimwene wake anadwalapo. Si chifukwa chomutengera magazi nkhalamba ya zaka 74 osaiuza kanthu. Nanga zoyeza thupi lonse zija? Bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndi kusefa kafukufuku wa zachipatala, linaunika mu 2019 zotsatira za anthu oposa 250,000, ndipo linapeza kuti kuitana anthu athanzi kudzayezedwa zinthu zambirimbiri sikunachepetse imfa.

Wina anena kuti, kodi iwe ndiwe ndani wotsutsa adokotala amene anakhala zaka ku College of Medicine? Sindikutsutsa maphunziro awo. Ndikunena chimene madokotala abwino amanena okha, kuti nzeru za katswiri ndi zimene waona pa ntchito sizikwanira, ziyenera kuyesedwa. Kwa zaka zambiri aliyense ankakhulupirira kuti mwana wofika kuchipatala atatentha thupi kwambiri, magazi akuyenda mofooka, ayenera kuthiridwa diripi yothamanga. Zinkamveka zanzeru, ndipo mwanayo ankaoneka kutsitsimuka pamaso pa onse. Kenako ku Uganda, Kenya ndi Tanzania anayesa pa ana oposa 3,000. Mu 2011 kafukufukuyo anaimitsidwa asanathe, chifukwa mwa ana olandira diripi yothamanga, oposa 10 mwa 100 alionse ankamwalira pasanathe masiku awiri, pamene mwa osalandira ankamwalira 7. Madokotala ndi anamwino amene ankathira madziwo anali anthu achifundo ndi odziwa ntchito. Maso awo ndi amene sankatha kuona zimene kuwerenga kunaonetsa.

Ndipo tisamaganize kuti umboni ndi katundu wochokera kunja. Ku Queens ku Blantyre, Elizabeth Molyneux ndi anzake anayesa mankhwala a dexamethasone pa ana pafupifupi 600 odwala matenda oumitsa khosi, ndipo mu 2002 analengeza kuti kwa ana athu kuno sankathandiza, ngakhale ku mayiko olemera ankawadalira. Mu 1993 Malawi linali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, chifukwa kafukufuku wa kuno anaonetsa kuti tizilombo ta malungo tasiya kumva mankhwala akalewo, ndipo mu 2007 tinasinthanso kupita ku LA. Mabanja a muno mu Lilongwe ndi a ku Blantyre anali m'gulu la mabanja 1,763 a kafukufuku wa HPTN 052, amene mu 2011 anaonetsa dziko lonse lapansi kuti munthu akayamba ma ARV msanga, mpata wopatsira mnzake kachilombo umatsika ndi 96 pa 100 alionse. Amayi ndi abambo a kwathu kuno anathandiza kusintha malamulo a chithandizo padziko lonse. Tili ndi ufulu wonse wofunsa umboni, poti tinathandiza kuupanga.

Umboni womwewo ndi umene ukunena mosapsatira kuti pali kuyezetsa kumene kumapulumutsadi. Kuyezetsa HIV ndi koyamba, chifukwa mankhwala alipo, ndi aulere, ndipo kuyamba msanga kumateteza mwiniwake ndi wokondedwa wake. Kuyeza BP n'kotchipa, sikupweteka, ndipo kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'dziko muno magazi ake amathamanga kwambiri, ambiri osadziwa. Kuposa zonse pali khomo la chiberekero. Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi kwambiri padziko lonse: ziwerengero za mu 2020 zinaonetsa amayi oposa 4,000 opezeka nayo pachaka, ndipo pafupifupi 3,000 omwalira. Amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka maulendo 6. Koma khansa iyi imatenga zaka zambiri isanakhwime, imayambira pamalo poti namwino angathe kuona, ndipo timabala toyambirira timawotchedwa tsiku lomwelo ndi kachipangizo kakang'ono, njira imene chipatala cha Nkhoma chinatsogola kuigwiritsa ntchito kuno. Ku Mumbai m'dziko la India anatsatira amayi pafupifupi 150,000, ndipo kuunika khomo la chiberekero atalipaka viniga kunachepetsa imfa za khansayi ndi 31 pa 100 alionse. Apa mayeso aja owerenga imfa anachitika, ndipo kuunikako kunakhoza. Katemera wa atsikana woteteza ku HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019, ndi mbali ina ya nkhondo yomweyi.

Ndiye n'chifukwa chiyani zikwangwani za m'mbali mwa msewu ndi mauthenga a pa WhatsApp zimatsatsa kwambiri kuyeza kokayikitsa kuposa kotsimikizika? Chifukwa viniga alibe phindu la ndalama. Makina ojambulira anagulidwa ndi ngongole ya ku banki, ndipo ngongoleyo imabwezedwa ndi anthu ogona pa bedi lake.

Pano ndiyenera kulankhula mosamala, poti ndikudziwa madokotala ndi makiliniko amene amagwira usiku wonse ku Bwaila ndi ku Central pa malipiro osafika kumapeto kwa mwezi, opanda magolovesi okwanira. Ambiri amatsegula kiliniki yawo madzulo kuti ana apite kusukulu, ndipo sindiwaweruza. Koma tiyeni tione mmene zinthu zimakhalira m'kiliniki yotere. Munthu mmodzi yemweyo ndi amene akukumvetsera, ndi amene akusankha zoti uyezedwe, labu ndi yake, ndipo famase ya pakhomo ndi yakenso. Akakuuza kuti ndi chimfine chabe, kapume n'kumwa madzi ambiri, wapeza ndalama ya kuonana basi. Akakuyeza zinthu zisanu n'kukupatsa jakisoni ndi mapilitsi a mitundu inayi, lendi ya mwezi yayamba kuoneka. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo ife ndi amene tamangirira madokotala athu pamalo pamene kudwala kwathu kuli msipu wawo.

Izi zinayesedwanso. Ku Harare, kafukufuku wofalitsidwa mu 2002 anayerekeza madokotala ogulitsa okha mankhwala ndi amene amangolemba kalata yokagulira kwina, ndipo ogulitsa okhawo ankapereka mankhwala ambiri ndi majakisoni ambiri. Ku America mu 1990 anapeza kuti madokotala okhala ndi makina awoawo ojambulira ankajambula odwala maulendo oposa 4 poyerekeza ndi otumiza kwina. Mu 2016 anapezanso kuti ngakhale chakudya chimodzi chokha chogulidwa ndi kampani ya mankhwala, chosafika madola 20, chinkayenderana ndi dokotala kulemba kwambiri mankhwala a kampaniyo. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi kafukufuku wina wa mu 2001: madokotala 61 mwa 100 alionse anati mphatso za makampani sizisintha kalembedwe kawo, koma 16 okha ndi amene ankakhulupirira kuti anzawo nawonso sasinthidwa. Dokotala sakhala pansi n'kukonza zokubera. Amakhulupiriradi kuti sikaniyo ikufunika. Mtima umapendekera kumene kuli chakudya mwiniwake osazindikira, ndiye kulumbira kwake kuti ndine woona mtima sikungakhale chitetezo chathu.

Ndani mu Lilongwe muno amene sanauzidwepo kuti ali ndi malungo ndi thayifodi pamodzi? Kuyeza kwa Widal kumene makiliniki ena amadalira n'kodziwika kuti kumaonetsa thayifodi mwa anthu ambiri amene alibe, makamaka m'madera amene matendawa ndi ofala. Zotsatira zake ndi maantibayotiki omwedwa pachabe, ndipo tizilombo tikuphunzira kuwapirira. Pansi penipeni pali aja oyenda ndi kamakina kolumikiza ku laputopu m'maholo ndi m'maofesi, kamene umangogwira m'manja mphindi imodzi n'kukuuza kuti chiwindi chatopa, impso zadetsedwa, magazi ali ndi poizoni. Kamakina kameneko sikayeza chilichonse. Ndipo mankhwala a zonse zimene kapeza amakhala ali m'chikwama cha mwini makinayo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngakhale kumene kulibe wogulitsa, kukondera kumalowa ndi khomo lina. Pulojekiti ikalonjeza opereka thandizo kuti iunika amayi zikwi zakutizakuti, aliyense amathamangira chiwerengerocho, matenti amamangidwa, zithunzi zimajambulidwa, maalawansi amatuluka. Koma mayi amene wapezeka ndi bala lalikulu n'kuuzidwa kuti apite ku Central, ndani akutsatira ngati anapeza ndalama ya minibasi, ngati kanyama kokayeza ku labu kanatengedwa, ngati zotsatira zinabwera? Mu 1968 akatswiri awiri, Wilson ndi Jungner, analembera bungwe la WHO mfundo zoyenera kutsata musanayambe kuyeza anthu athanzi, ndipo zina mwa zikuluzikulu n'zakuti chithandizo chikhalepo ndiponso malo otsimikizira matenda ndi kuchiza akhalepo. Kwa zaka zambiri odwala khansa ofunika kuwotchedwa ndi makina ankadikira pa mndandanda wopita kunja, ena n'kumwalira akudikira. Kumuuza munthu kuti mwina uli ndi khansa kenako n'kumusiya pamsewu ndi nkhanza, ngakhale wochitayo atavala malaya a pulojekiti yachifundo. Lipoti loona liyenera kunena amene anathandizidwa mpaka kumapeto, osati amene anagona pa bedi loyezera.

Zimene ndikupempha si zodula. Unduna wa Zaumoyo utulutse m'Chichewa ndi m'zinenero zina, pa wailesi ndi pa makoma a zipatala, mndandanda waufupi wa kuyezetsa kumene kuli ndi umboni, kwa yani ndi pa msinkhu uti, kuti munthu akamapatsidwa mtengo wa zoyeza thupi lonse akhale ndi poyerekezera. Medical Council of Malawi ilamule kuti dokotala amene akukutumiza ku labu, ku sikani kapena ku famase imene iye ali ndi gawo, kapena imene imamupatsa kangachepe pa wodwala aliyense, akuuze pakamwa ndipo zilembedwe pakhoma. Ku America lamulo la mu 2010 linakakamiza makampani a mankhwala kuulula ndalama ndi mphatso zimene amapereka kwa madokotala, ndipo aliyense angathe kuziona pa intaneti. Ife tingayambe ndi kaundula wamba. Bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA pamodzi ndi khonsolo ya mzinda athane ndi timakina tonama tija. Ndipo mabwana amene amakonzera antchito awo tsiku la zaumoyo afunse kaye kuti mwa zoyezedwazo ndi ziti zimene zinaonetsedwa kuti zimachepetsa imfa, asanasayine cheke.

Kwa ife odwala, chovuta ndi mwambo wathu. Tinaleredwa kuti wamkulu safunsidwa, ndipo munthu wovala gauni yoyera ndi wamkulu kuposa onse. Timalandira kabuku kathu ndi manja awiri n'kutuluka osadziwa chimene chalembedwamo. Koma safunsa anadya phula. Kufunsa kuti, "Adokotala, kodi kuyezaku kukaonetsa kuti pali vuto, chotsatira n'chiyani? Nanga ndikapanda kuyezetsa chingachitike n'chiyani? Kodi kumalakwa kangati?" si mwano. Dokotala wabwino amakondwa ndi mafunso otere, ndipo ndawaonapo akukoka mpando n'kujambula papepala kuti wodwala amvetse. Amene akwiya nawo wakuuzani kale kanthu kena.

Malume abwerera ku dimba lawo, ngakhale thupi silinabwerere lonse mmene linalili. Mwezi watha anapita kukatenga mankhwala a BP, ndipo atauzidwa za kuyeza kwina kwatsopano, anafunsa kuti, "Mukapeza kanthu, mudzandichita chiyani pa msinkhu wangawu?" Anakambirana, ndipo anagwirizana zongoyeza shuga ndi impso, poti zimenezo zimayenderana ndi BP yawo. Msuweni wanga anapita kukaunikidwa Lachiwiri lina m'mawa, atavala chitenje chake, n'kukhala pa benchi limodzi ndi amayi ena. Namwino anapeza kabala koyera pa khomo la chiberekero, anamufotokozera, ndipo anakawotcha tsiku lomwelo. Anamulembera m'kabuku tsiku lobwereranso chaka chamawa, ndipo masana anali atafika kale pa ntchito yake ku Old Town.